Kanthu kofiirira pamsana pa njuchi zanga, ndithandizeni

Lamlungu masana

Mayi wa ku Leeds: Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osanena kanthu, koma lero zandikulira. Ndinayamba kuweta njuchi mu Meyi chaka chino, mng'oma umodzi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene ndinadzala nyemba. Ndinagula kabanja ka mafulemu asanu, kanakula bwino moti mu Julaye ndinasanjikiza kabokosi ka uchi pamwamba. Lero pochokera kutchalitchi ndapeza njuchi zingapo zikukwawa pasimenti kutsogolo kwa mng'oma, osauluka. Ndatola imodzi ndi supuni, mapiko ake ngokwinyika ngati pepala limene linanyowa n'kuuma, thupi lalifupi. Ina ili ndi kanthu kofiirira pamsana, kosalala, kukula ngati mutu wa phini. Chithunzi ndi chimenecho. Ndi matenda kodi, kapena aneba apopera mankhwala m'maluwa awo? Mtima uli m'mwamba.

Madala a ku Ntchisi: Khazikani mtima pansi mayi. Ine ndinayamba kupachika ming'oma ndisanakwatire, pano adzukulu akupita kusekondale. Tizilomboto ndi nsabwe za njuchi. Timatipeza pofula, nthawi zina titaunjikana pa manthu yemwe, koma sindinaonepo mng'oma utafa nato. Chopha njuchi ndi linthumbu, chiuli ndi moto wa tchire. Kwanuko linthumbu kulibe, ndiye mukuopa chiyani?

Mlangizi wopuma, Zomba: Madala, ndikupemphani tichedwe pang'ono pachithunzipa. Pali tizilombo tiwiri tofanana khungu koma tosiyana ntchito. Kamene inu mukunena dzina lake ndi Braula. Ndi kantchentche kopanda mapiko, ka miyendo isanu ndi umodzi, ndipo miyendoyo imaonekera m'mbali. Kamangoba chakudya pakamwa pa njuchi, n'chifukwa chake mumakapeza pa manthu, poti ndi amene amadyetsedwa tsiku lonse. Kameneko n'kosaopsa, mwanena zoona. Koma tayang'anani ka mayiwa: n'kotambalala m'mbali ngati nkhanu, miyendo yabisika pansi. Ameneyu ndi varroa, mbale wake wa nkhupakupa, miyendo isanu ndi itatu. Kuphatikiza ndi mapiko opuwalawo, ine sindikukayika.

Madala a ku Ntchisi: Pafoni yanga chithunzi chikungooneka kadontho. Mwina maso ndi amene atha.

Ankolo a ku Bristol: Alangizi alondola, ndi varroa. Achemwali, takulandirani ku ulimi wa njuchi wa kuno. Musadziimbe mlandu kuti mwalakwitsa pena pake, chifukwa kuno pafupifupi mng'oma uliwonse uli naye. Anapezeka koyamba ku Devon mu 1992 ndipo anafalikira dziko lonse. Mwachidziwikire munagula njuchi zanu ali kale momwemo. Funso si lakuti alimo kapena mulibe, koma kuti alimo angati. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi: mukayamba kumuona ndi maso pamsana pa njuchi, ndiye kuti wachuluka, popeza ambiri amakhala obisika.

Mayi wa ku Leeds: Obisika kuti ankolo? Ine ndimatsegula Loweruka lililonse, fulemu iliyonse ndimaiyang'ana.

Ankolo a ku Bristol: M'zipinda za ana zimene zamatidwa kale. Wamkazi amalowa m'chipinda cha mphutsi kutatsala pang'ono kuti njuchi zitsekepo, n'kubisala pansi m'chakudya. Chipinda chikamatidwa, patapita masiku ngati atatu amaikira dzira loyamba, lomwe limakhala lamwamuna, kenako la aakazi limodzi limodzi. Amakwatirana okhaokha momwemo, uku akudya mwana wa njuchi uja. Kale tinkati amayamwa magazi, koma kafukufuku wa Samuel Ramsey wa mu 2019 anasonyeza kuti amadya mafuta a m'thupi, amene kwa njuchi amagwira ntchito ngati chiwindi. Pachilonda chomwecho ndi polowera kachilombo kopuwalitsa mapiko. Njuchi yantchito imakhala yotsekeredwa masiku 12, yamphongo masiku 14 kapena kuposa pang'ono, ndiye varroa amakonda kwambiri zipinda za amphongo chifukwa ana ake ambiri amakhwima. Amene ali panja nawonso ambiri sakhala pamsana ayi, amadzilowetsa kumimba, pakati pa timamba. Inu mukamayang'ana pamwamba mumaona njuchi zoyera bwino.

Mnyamata wa pa Dowa: Ngati ndi nkhupakupa nkhani yatha kale. Dibi ya ng'ombe, kasupuni kamodzi m'botolo la madzi, tsiii! Mawa mudzatithokoza.

Mlangizi wopuma, Zomba: Mphwanga, nthabwala zina tizisamala nazo, wina angathe kuchitadi. Dibi anapangira chikopa cha ng'ombe, mlingo wake ngwa nyama ya makilogalamu mazana. Mu mng'oma ipha njuchi, yotsala ilowa mu sera ndi mu uchi umene mudyetse ana.

Mnyamata wa pa Dowa: Pepani bwana, ndabweza.

Bambo a ku Kasungu: Nanga fodya? Ife tikafuna kufula timaponya masamba a bale m'chofukizira, tizilombo timagwa tokha.

Mlangizi wopuma, Zomba: Timagwadi, ndipo kale ena ankagwiritsa ntchito utsi wa fodya pofufuza ngati mu mng'oma muli varroa. Koma utsi sulowa m'zipinda zomata, ndipo mukauchulutsa njuchi nazo zimaledzera n'kugwa. Uchi umanunkhanso chikonga.

Lamlungu usiku

Achimwene a ku Grabouw: Ndangoweruka, ndawerenga zonse. Ine ndimagwira ntchito pa famu ya maapulo kuno ku Western Cape, ndipo nyengo ya maluwa ndimathandiza anthu a ming'oma kunyamula mabokosi usiku. Ndi mabokosi mazanamazana. Varroa alimo, ndamuona ndi maso anga tikang'amba ana amphongo. Koma sindinaonepo munthu akuthira mankhwala. Abwana a ming'omayo amati varroa analowa kudzera ku Cape Town mu 1997, anthu anachita mantha, mabanja ena anafa, kenako njuchi zinamuzolowera zokha. Ndiye achemwali, bwanji osangozisiya zilimbe zokha? Mankhwalawa ndi bizinesi ya azungu chabe.

Madala a ku Ntchisi: Ehee, mwamva? Ndi zimene ndimanena ine.

Ankolo a ku Bristol: Achimwene, zimene mwaona n'zoona, ndipo Mike Allsopp wa ku Stellenbosch anazilemba, kuti njuchi za kumeneko zinapirira pasanathe zaka khumi. Ku Kenya nako anamupeza mu 2009, ndipo ofufuza a icipe, bungwe lofufuza za tizilombo la ku Nairobi, ndi anzawo atayendera ming'oma analangiza alimi kuti asathire mankhwala. Koma njuchi ya achemwaliwa si njuchi ya ku Grabouw kapena ya ku Ntchisi. Ya kwathu mwana wake amatuluka msanga m'chipinda, varroa sapeza nthawi yokwanira yoberekana. Ikanunkhiza chipinda chodwala imang'amba n'kutaya. Imagawikana kawirikawiri, ndipo zikavuta imangosamuka yonse, ana ndi tizilombo n'kutsala m'mbuyo. Khalidwe lomwe limatikwiyitsa kumudzi lija, loti wapachika mng'oma lero, mwezi wamawa wapeza mbee, ndi lomwe limazipulumutsa. Ya kuno ndi yofatsa, mutha kuitsegula mutavala malaya a manja aafupi, koma imakhala phee mpaka kufera momwemo. Alipo kuno amene amaweta osathira mankhwala, monga ena kumpoto kwa Wales, koma ali ndi ming'oma yambiri ndipo anavomera kutaya ina pa zaka zoyamba. Achemwaliwa ali ndi umodzi. Ukafa, ulimi watha.

Achimwene a ku Grabouw: Apo ndamva. Ine ndimayesa njuchi ndi njuchi basi.

Mlangizi wopuma, Zomba: Kwawo kwenikweni kwa varroa ndi ku Asia, pa njuchi ya kumeneko yotchedwa Apis cerana, imene anakhala nayo kuyambira kale osaipha. Anadumphira pa njuchi ya ku Ulaya anthu ataipititsa kumeneko. Ndiye njuchi ya mayiwa ikulimbana ndi mlendo amene makolo ake sanamudziwe.

Mayi wa ku Leeds: Mwandithandiza koma mwandisokonezanso. Wina akuti siyani, wina akuti fodya, wina akuti mankhwala. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndiyambire pati mawa?

Ankolo a ku Bristol: Yambani ndi kuwerenga, mankhwala pambuyo. Pezani botolo la jamu lalikulu, pachivindikiro mudulepo pakati n'kuikapo kasefa ka waya ka mabowo oti njuchi singadutse. Gulani shuga wa ufa uja wa pakeke, icing sugar. Kutumulirani njuchi m'beseni, tungani theka la kapu, zimenezo ndi njuchi pafupifupi 300. Onetsetsani kuti manthu sali momwemo. Thirani masupuni awiri a shuga, gubuduzani botolo mpaka zonse ziyere, lisiyeni pamthunzi mphindi ziwiri, kenako lizondotseni n'kukutumula pamwamba pa mbale yoyera ya madzi. Shuga asungunuka, varroa aoneka. Njuchizo muzibwezere, anzawo azinyambita. Ena amaviika njuchi mu spiriti, kuwerenga kwake kumalondola kwambiri koma zonse 300 zimafa.

Mayi wa ku Leeds: Za spiritizo ayi ndithu. Ndichita za shugazo.

Lachiwiri

Mayi wa ku Leeds: Ndachita ndisanapite kuntchito. Nkhani yabwino, ndapeza awiri okha! Ndiye kuti ndinangochita mantha ndi ziii?

Ankolo a ku Bristol: Njuchizo munazitenga pa fulemu iti?

Mayi wa ku Leeds: M'kabokosi ka uchi kapamwamba. Ndinaopa kutenga manthu, ndipo pansipo zinali zolusa.

Ankolo a ku Bristol: Ndinadziwa. Kulakwa ndi kwanga, sindinanene. Varroa amakwera njuchi zolera ana chifukwa ndi zimene zimamufikitsa pa mphutsi. Bwerezani, mutenge pa fulemu ya m'bokosi lapansi imene ili ndi mphutsi zosamata. Yambani mwapeza manthu, fulemu yake muiike pambali, kenako mugwire ntchito mtima uli pansi.

Achemwali a ku Coventry: Musadandaule asisi, ine chaka choyamba ndinachita chimodzimodzi, ndinakondwera n'kukagona. Pofika Febuluwale ndinatsegula ndikupeza njuchi zodzaza dzanja limodzi zitafa mozungulira manthu, uchi uli tho m'mafulemu. Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sizinafe ndi njala. Amene anandigulitsa anandiuza kuti njuchi zake n'zolimba sizifuna mankhwala, ine n'kukhulupirira.

Lachitatu

Mayi wa ku Leeds: Ndabwereza. Manthu ndinamupeza pa fulemu yachitatu, ali ndi kadontho kake ka penti pamsana. Manja amanjenjemera, ina yandiluma pachala kudzera pagulovu, koma ndakwanitsa. Nditakutumula botolo, pamadzi panayamba kuoneka timadontho ngati ufa wa tsabola, kenako ndikuona tina tikupalasa miyendo. Mwana wanga wa zaka 9 ndi amene amawerenga ndi kachitsotso ka machesi. Apezeka 17. Tabwereza kawiri, 17 yemweyo.

Mlangizi wopuma, Zomba: Mukagawa 17 ndi 3 mupeza pafupifupi 6 pa njuchi 100 zilizonse. Alimi ambiri amayamba kuchitapo kanthu zikafika 2 kapena 3.

Ankolo a ku Bristol: Ndipo amenewo ndi apanja okha, osawerengera a m'zipinda. A National Bee Unit, nthambi ya boma yoona za njuchi kuno, amalangiza kuti mu mng'oma asafike 1,000. Inu mwapitirira ndithu. Tsono chimene chikuchititsa changu ndi mwezi umene tili. Njuchi ya chilimwe imakhala milungu ngati isanu ndi umodzi n'kufa, ina n'kulowa m'malo. Koma zimene zibadwe kuyambira kumapeto kwa Ogasiti uno mpaka Okutobala ndi zimene zidutse nyengo yozizira yonse, miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo chimene chimazisunga ndi mafuta a m'thupi omwe aja varroa amadya. Panopa manthu wayamba kuchepetsa kuikira, varroa akuchulukabe, ndiye mwana aliyense akugawana chipinda ndi tizilombo tochuluka. Mukadikira mpaka Okutobala mudzapha varroa inde, koma njuchi zodutsa dzinja la kuno zidzakhala zitabadwa kale zolumala. Kabokosi ka uchi katsike sabata ino.

Mayi wa ku Leeds: Apa ndiye pandipweteka. Mafulemu anayi okha ndi amene amatidwa, enawo akadali amadzi. Ndinalonjeza anthu a kumpingo, amayi anga ku Balaka ndinawauza kuti Disembala ndibwera ndi uchi wa m'munda mwanga. Sindingadikire milungu itatu yokha kuti amalize?

Madala a ku Ntchisi: Apa ndiyankhe ine, ngakhale pa tizilombo munandigonjetsa. Mlimi wa njuchi safulira malonjezo. Tengani anayi omatawo, osamatawo ndi a eni ake. Amayi anu akalandira botolo limodzi adzavina chimodzimodzi.

Achemwali a ku Coventry: Madala anena. Osamatawo muwabwezere njuchi zomwezo zidye, kungoti asadzalowenso m'botolo la anthu mukayamba mankhwala. Ine ndimagwiritsa Apiguard, mankhwala ake ndi thymol wochokera ku zomera. Mumaika kathireyi kamodzi pamwamba pa mafulemu milungu iwiri, kenako kachiwiri milungu ina iwiri. Fungo lake lokha, mayo! Bwalo lonse limanunkha ngati mankhwala otsukira m'kamwa, njuchi zimatuluka n'kulendewera pakhomo ngati ndevu, nthawi zina manthu amasiya kuikira masiku angapo. Koma mtima wanga umakhala pansi podziwa kuti si poizoni wa m'fakitale.

Ankolo a ku Bristol: Apiguard ndi wabwino, nanenso ndimamugwiritsa zaka zina. Vuto lake amafuna kunja kukhale kotentha kupitirira madigiri 15 kuti afuke bwino, milungu inayi yonse. Ku Leeds pakati pa Seputembala mungalumbire? Ndi chiwerengero cha 17 ine sindingachite juga ndi nyengo. Ndikanatenga Apivar: timizere tiwiri ta pulasitiki, mumatilendeweza pakati pa mafulemu a ana, timakhala milungu 6 mpaka 10, sitidalira kutentha. Ulinso wa formic acid umene umalowa mpaka m'zipinda zomata ndipo umatha sabata imodzi, koma ndi waukali, nthawi zina umapha manthu, ndipo kwa munthu wa mng'oma umodzi kumapeto kwa Ogasiti kupeza manthu wina ndi ntchito. Apistan musataye naye ndalama, varroa wa kuno anayamba kumupirira kuyambira 2001.

Achemwali a ku Coventry: Ankolo, nanga Apivar wanuyo sadzamupiriranso mukamaika chaka ndi chaka?

Ankolo a ku Bristol: Adzatero, kumaiko ena zayamba kale. N'chifukwa chake ndimasinthasintha, ndipo timizereto tikakwana nthawi timachotsedwa, osatisiya mpaka Malichi ngati mmene ena amachitira. Mankhwala ofooka otsalira ndi amene amaphunzitsa tizilombo kupirira. Chaka chamawa achemwaliwa akayamba molawirira, thymol wanu adzakwanira.

Mnyamata wa pa Dowa: Ndafufuza pa intaneti. Mankhwala a mu Apivar dzina lake amitraz. Pabotolo la dibi la bambo anga palembedwanso amitraz. Ndiye amene munandikalipira Lamlungu mubwere mudzapepese, ndili pa sitolo.

Mlangizi wopuma, Zomba: Hahaha, mphwanga wandigwira. N'zoona, ndi mankhwala amodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'kamzere muja anawamangirira mu pulasitiki kuti azituluka pang'onopang'ono njuchi zikamakhudza, pamene m'botolo la bambo ako anasakaniza ndi zosungunulira zina zimene njuchi singapirire. Mchere wa m'ndiwo ndi wa m'thumba ndi umodzi, koma sungadye thumba. Fanta ndidzakugulira, kupepesa ayi.

Woyang'anira gulu: Tikumbutsane kuti za mayina a mankhwalazi zikukhudza anzathu a ku UK. Wa ku Malawi, Zambia kapena Mozambique asathamangire kuitanitsa zinthu zimenezi chifukwa waona kadontho kofiira.

Bambo a ku Chipata: Funso langa linali lomwelo. Nili na ming'oma 12 ya timitengo tapamwamba. Niyambe kuda nkhawa?

Mlangizi wopuma, Zomba: Nkhawa ayi, chidwi inde. Varroa anafika kale m'maiko ambiri a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo njuchi sizionetsa pasipoti pa Mwami. Mukadzatsegula n'kupeza zisa za amphongo, zija zotukuka ngati zipolopolo, ng'ambani zingapo ndi kaminga musolole ana. Pa thupi loyera la mwana kanthu kofiira sikabisika. Mukapeza, dziwani chabe, koma ngati banja lili lamphamvu musathire kanthu. Uchi wa ku North-Western kwanuko, wa ku Mwinilunga ndi Kabompo, umagulidwa kunja chifukwa choti mulibe mankhwala. Chimene ndingakuletseni ndi kulakalaka manthu wa ku Ulaya poti ngwofatsa. Mwaona nokha mtengo wa kufatsako.

Madala a ku Ntchisi: Yanga ndi ya makungwa, siitseguka ngati sutikesi. Koma pofula mu Novembala ndidzatenga mdzukulu wa maso akuthwa, tidzawerenge miyendo.

Lachisanu

Mayi wa ku Leeds: Kabokosi katsika, timizere talowa dzulo madzulo. Ndinavala magulovu monga zalembedwera papaketi. Ndalowetsanso bolodi yoyera ija pansi pa sefa ya mng'oma, imene ndinkayesa ndi yotsekera mphepo. M'mawa uno ndaisolola, abale inu. Pakati pa tinyenyeswa ta sera pali timadontho tofiira waa, ndinawerenga kufika 200 n'kusiya chifukwa basi imandithawa. Zonsezi zinali pa njuchi zanga ine ndikuti zili bwino.

Ankolo a ku Bristol: Ndi mmene zimakhalira masiku oyamba. Azigwabe kwa milungu, chifukwa a m'zipinda amatuluka ana akamabadwa. Pakatha milungu itatu kapena inayi muone ngati ana asunthira mbali ina, timizere titsatire komweko, ndipo ngati njuchi zatimata phula mutipale. Lembani m'kabuku dzina la mankhwala, nambala ya papaketi, kumene munagula ndi tsiku, lamulo la kuno limafuna musunge zimenezo zaka zisanu. Mulembetsenso pa BeeBase, kaundula wa pa intaneti wa a National Bee Unit, n'kwaulere, ndipo mu England kuyambira 2021 varroa timayenera kunena kuti tili naye, pamenepo pali pochonga. Kwezani mng'oma kumbuyo ndi dzanja mumve kulemera. Kudutsa dzinja kumafuna chakudya cha makilogalamu pafupifupi 20, chikaperewera muwapatse madzi a shuga okhathamira Seputembala asanathe.

Achemwali a ku Coventry: Muchepetsenso khomo asisi, mavu a mwezi uno amadziwa mng'oma wofooka.

Mayi wa ku Leeds: Ndachepetsa kale, ndinaona awiri akuzungulira. Nanga zija zokwawa pasimenti zichira?

Ankolo a ku Bristol: Zimenezo ayi, mapiko samera kachiwiri. Muzionabe kwa milungu iwiri kapena itatu, poti zinalumidwa kale zisanabadwe. Chizindikiro chabwino chidzakhala pamene zasiya kuoneka. Timizere tikachoka mu Okutobala mudzabwereze za shuga zija. Kenako mu Disembala, ana akakhala kulibe kapena ochepa, timadontheza oxalic acid, kuno amagulitsa dzina lake Api-Bioxal, mamililita 5 pa mpata uliwonse umene muli njuchi. Nthawi imeneyo varroa alibe pobisala. Ulendo wanu wa ku Balaka ndi wa liti?

Mayi wa ku Leeds: Ndinyamuka pa 19 Disembala.

Ankolo a ku Bristol: Ndiye tidzachite sabata ya pa 10, kukazizira bwino. Mudzandiimbire pa vidiyo, ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Mayi wa ku Leeds: Zikomo ankolo, zikomo nonse. Mafulemu anayi aja ndawafinya usiku ndi sefa ya ufa, atuluka mabotolo asanu ndi limodzi ndi theka. Theka lija latha kale, mwana wapaka pa buledi. Limodzi ndalemba dzina la amayi ndi kulibisa pamwamba pa kabati.

Madala a ku Ntchisi: Lachiwiri mulembe Ntchisi. Basi ya ku Balaka ikafika pa Lilongwe ndidzatuma mdzukulu.